Claude Hopkins: Mnyamata wa polishi yemwe ankawerengera chilichonse

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1870, m'tauni ina ya m'chigawo cha Michigan ku America, mudali mnyamata yemwe ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa polishi wopukutira masupuni ndi mafoloko asiliva. Wopanga polishiyo adali mayi ake, ndipo ntchito ya mnyamatayo idali kuumba timibulu, kutikulunga m'mapepala okongola ndi kukatsatsa.

Atayenda masiku angapo adaona chinthu chimodzi. Akaima pakhomo n'kumalongosola ubwino wa polishiyo ndi pakamwa pokha, mwa amayi 10 ankagula mmodzi yekha. Koma akamulola kulowa m'nyumba n'kupukuta supuni mwini wake akuona, pafupifupi mayi aliyense ankatulutsa ndalama.

Mwana wina akadangosangalala kuti lero malonda ayenda, mawa n'kudandaula kuti avuta. Uyu ankawerenga makomo omwe wagogoda, n'kuwerenganso omwe agula, kenako n'kusintha kagulitsidwe kake.

Dzina lake lidali Claude Hopkins. Khalidwe lowerengerali lidamufikitsa polandira madola 185,000 m'chaka chimodzi, ndalama zomwe wantchito wamba wa nthawi imeneyo sakadazipeza ngakhale atagwira ntchito moyo wake wonse. Mpaka lero anthu ogwira ntchito yotsatsa malonda amamutchula ngati mmodzi mwa makolo a ntchito yawo. Koma mbiri yake ili ndi zokoma ndi zowawa zomwe, ndipo zonse n'zofunika kuzimva.

Ubwana wa thukuta

Hopkins adabadwa m'chaka cha 1866 ku Hillsdale, m'chigawo chomwecho cha Michigan. Bambo ake ankatulutsa nyuzipepala yaing'ono, pomwe mayi ake adali ochokera ku mtundu wa anthu a ku Scotland ndipo ankadziwika ndi kusamala ndalama. Ali ndi zaka 10 bambo padalibenso pakhomo, ndipo mayiwo adayamba ntchito yauphunzitsi kuti alere ana.

M'buku la mbiri ya moyo wake lotchedwa My Life in Advertising, lomwe lidatuluka mu 1927, iye adafotokoza momwe tsiku lake linkayendera ali mwana. M'mamawa ankatsekula sukulu ziwiri, kukoleza moto wotenthetsa makalasi ndi kupukuta madesiki. Kenako ankalowa m'kalasi ngati anzake onse. Akaweruka ankasesa sukulu ziwirizo, n'kuyamba kugawa nyuzipepala ya Detroit Evening News m'makomo 65 asadadye chamadzulo.

Loweruka ankakolopa sukuluzo ndi kugawa timapepala ta malonda. Lamulungu ankasamalira tchalitchi kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Abale ake ambiri akuchimuna adali abusa, ndipo nayenso ankamukonzekeretsa ntchito yomweyo. Adayamba kulalikira ali ndi zaka 17. Koma ali ndi zaka 18 adalalikira uthenga wotsutsana ndi ziphunzitso zokhwima zomwe adakulira, mayi ake ali pomwepo. Kusamvana kudabuka, ndipo mnyamatayo adachoka ali ndi madola ochepa chabe m'thumba.

Adapita ku Spring Lake komwe adakagwira ganyu yothyola zipatso m'munda wa mbale wake. Ndalama zomwe adasunga adakalipirira maphunziro a zamalonda mumzinda wa Grand Rapids.

Adakana kukalambira pampando wa kalaliki

Ntchito yake yoyamba mumzindawo idali pakampani yopanga nsapato zotentha za m'nyengo yachisanu. Ankalandira madola anayi ndi theka pasabata. Ankasesa, kutsuka mawindo, kutumidwa uku ndi uku komanso kulemba mabuku a ndalama. Kuti ndalama zikwane, sabata iliyonse ankadumpha chakudya kawiri.

Khama lake lidafika m'maso mwa Melville Bissell, mwini kampani yopanga makina osesera makapeti. Makinawa adali kabokosi kathabwa kokhala ndi timateyala ndi burashi mkati, komwe mayi ankakankha ndi mtengo ngati tsache. Hopkins adalembedwa ntchito yothandiza wolemba mabuku a ndalama pa malipiro a madola 40 pamwezi. Pasadathe chaka adakhala mkulu wa mabukuwo ndipo malipiro adakwera kufika pa madola 75.

Apa ndi pomwe adaganiza mozama. Adaona kuti kwa mwini bizinesi, wolemba mabuku ndi ndalama zotuluka, ndipo bwana aliyense amafuna kuti zotuluka zichepe. Koma munthu wobweretsa makasitomala ndi ndalama zolowa, ndipo ameneyo amatha kuloza phindu lomwe wabweretsa n'kupempha gawo lake. Adatsimikiza mtima kuti achoke kumbali yotulutsa ndalama apite kumbali yolowetsa.

Mwayi udabwera pomwe kampaniyo idalemba ganyu John E. Powers, katswiri wotchuka kwambiri pa zolemba mauthenga amalonda nthawi imeneyo, kuti alembe kabuku kotsatsira makinawo. Hopkins atawerenga kabukuko adaona kuti Chingerezi chake chidali chabwino, koma mlembiyo sankawadziwa makinawo ndipo sadafufuze zomwe amayi ogula amafuna. Adapempha bwana wake masiku atatu kuti alembe kake. Adagwira usiku, ndipo kabuku ka kalalikiyo ndi komwe kadasankhidwa.

Zitatero adabwera ndi ganizo lina. Padalibe yemwe adaganizapo zoti makina osesera angakhale mphatso ya Khirisimasi. Iye adalembera makalata eni masitolo kuwauza kuti awaike pamalo oonekera ngati mphatso ya amayi. Malinga ndi buku lake, makalatawo adabweretsa maoda 1,000 kudzera papositi, chinthu chomwe kampaniyo idali isadachionepo.

Adaonanso kuti amisiri a pakampanipo ankakonda kukamba za burashi ndi zitsulo za mkati, pomwe amayi ankayang'ana ngati kabokosiko kakugwirizana ndi mipando ya m'nyumba mwawo. Choncho adapempha kuti makinawo azipangidwa ndi matabwa a mitundu 12 kuti mayi azisankha yekha, ndipo pambuyo pake adatsatsa thabwa lofiira lochokera ku India. Akuluakulu ena a pakampanipo adamuseka, koma malonda adakwera.

Keke yofika kudenga

Ataona kuti kwa Bissell wafika pomalizira, adamva kuti kampani yaikulu ya nyama ya Swift and Company ku Chicago ikufuna woyang'anira zotsatsa malonda. Atafika adauzidwa kuti anthu 105 adali atafunsira kale ntchitoyo.

Mbewa yamanyazi idafera kuuna. Hopkins adabwerera ku Grand Rapids n'kupempha amalonda odziwika omwe ankaidziwa ntchito yake kuti alembere makalata kampaniyo. Adapitanso kunyuzipepala ya mumzindawo n'kudzipereka kulemba nkhani za malonda tsiku ndi tsiku kwaulere, ndipo nkhani iliyonse ikatuluka ankaidula n'kuitumiza ku Chicago. Ntchitoyo adampatsa iyeyo.

Kumeneko adakumana ndi mafuta ophikira otchedwa Cotosuet, opangidwa ndi mafuta a njere za thonje osakaniza ndi mafuta a ng'ombe. Mafutawa sankayenda malonda, ndipo mabwana adayamba kumuyang'ana ndi diso lofiira.

Adakumbukira phunziro la polishi lija. Sitolo yaikulu ya Rothschild inkatsekulidwa mumzindawo, ndipo iye adapempha malo m'chipinda chake chogulitsira zakudya. Adauza ophika buledi kuti aphike keke yaikulu yofika pafupi ndi denga pogwiritsa ntchito mafuta a Cotosuet m'malo mwa batala. Adalengeza m'nyuzipepala kuti anthu abwere adzaone, alawe, ndipo ogula chitini cha mafutawo ayerekeze kulemera kwa kekeyo kuti apate mphoto.

Iye adalemba kuti m'sabata imodzi anthu oposa 100,000 adakwera masitepe kukaona kekeyo. Adabwereza zomwezo m'mizinda ina, ndipo mafuta omwe ankangokhala pashelefu adayamba kutha.

Kandimverere adakanena za m'maluwa

Chizolowezi china chomwe Hopkins sadachisiye ndi chopita yekha kukaona momwe katundu amapangidwira asadalembe liwu ngakhale limodzi. Chitsanzo chotchuka ndi cha kampani yofulula mowa ya Schlitz ya mumzinda wa Milwaukee.

Nthawi imeneyo makampani onse a mowa ankalemba m'zilembo zikuluzikulu kuti mowa wawo ndi waukhondo. Poti aliyense ankanena zomwezo, owerenga sankalabadira. Hopkins adapempha kuti amuyendetse m'fakitale yonse.

Adaona zipinda zamagalasi momwe mowa unkazizirira mu mpweya wosefedwa. Adaona mapaipi ndi mapampu akutsukidwa kawiri patsiku, ndiponso botolo lililonse likutsukidwa kanayi. Adaona kuti kampaniyo idakumba zitsime zakuya kufuna madzi abwino ngakhale fakitaleyo idali pafupi ndi nyanja ya Michigan.

Atafunsa chifukwa chomwe sankauzira anthu zimenezi, eni ake adayankha kuti palibe chachilendo, poti wofulula mowa aliyense wadongosolo amachita zomwezo. Hopkins adaona kuti ngakhale onse ankachita, padalibe yemwe adafotokozerapo ogula. Adalemba zomwe adaonazo mwatsatanetsatane m'mawu osavuta. Malinga ndi iye, kampaniyo idachoka pa nambala 5 n'kufika polimbirana nambala 1 m'miyezi yochepa.

Chomwe adatolapo n'chakuti mawu oti katundu wathu ndi wabwino kuposa onse salowa m'khutu la munthu, koma mfundo yeniyeni yokhala ndi nambala imakhala m'mutu. Ndipo mfundo zoterozo sizipezeka munthu atakhala muofesi.

Banga pa mbiri yake

Luso lokopa anthu lili ngati mpeni: umasenda mbatata, umachekanso chala. Zaka zambiri za unyamata wake Hopkins adazithera potsatsa mankhwala ogulitsidwa m'mabotolo popanda dokotala, omwe nthawi imeneyo ku America padalibe lamulo lolimba lowayang'anira.

Adagwira ntchito kwa Dr Shoop mumzinda wa Racine, m'chigawo cha Wisconsin. Kumeneko adayambitsa njira yoti wogulitsa mankhwala wa m'dera la wogulayo asayinire lonjezo lobweza ndalama ngati mankhwala sadathandize. Adadziwa kuti munthu amakhulupirira mnansi wake kuposa kampani yakutali.

Kenako adalowa m'kampani ya mankhwala otchedwa Liquozone, omwe ankati amapha tizirombo toyambitsa matenda ambirimbiri. Kampaniyo idali pafupi kugwa. Hopkins adalengeza kuti aliyense wotumiza kuponi alandira botolo loyamba kwaulere, ndipo ndalama zidayamba kulowa ngati madzi.

Koma m'chaka cha 1905 mtolankhani Samuel Hopkins Adams adalemba nkhani zotsatizana m'magazini ya Collier's zoulula chinyengo cha mankhwala oterewa. Liquozone adali m'gulu la otchulidwa. Atayezedwa adapezeka kuti adali pafupifupi madzi okhaokha osakaniza ndi asidi pang'ono. Anthu odwala matenda oopsa ankataya ndalama ndi nthawi pa botolo lomwe silikadawachiza. Chaka chotsatira, mu 1906, boma la America lidakhazikitsa lamulo loyang'anira zakudya ndi mankhwala.

Apa pakuoneka malire a khalidwe lake lowerengera. Hopkins ankadziwa bwino kuti kuponi iliyonse yabweretsa ogula angati ndipo yadya ndalama zingati. Koma mabuku akewo sankaonetsa kuti mwa ogulawo adachira ndi angati. Polemba mbiri yake mu 1927 adavomera kuti kutsatsa mankhwala kwa mtundu umenewu sankagwirizana nakonso, ngakhale adati ndi komwe adaphunzirira zambiri za ntchito yake.

Zaka zimenezi zidamufooketsanso thupi. Adadwala chifukwa chogwira ntchito mopyola muyeso, ndipo adabwerera ku Spring Lake kukapuma ali ndi maganizo osiyiratu ntchito.

Kuyesa kaye pang'ono

Yemwe adamudzutsa ndi Albert Lasker, mkulu wa kampani yotsatsa malonda ya Lord and Thomas ku Chicago. Nkhani yomwe Lasker ankakamba ndi yoti tsiku lina m'sitima adakumana ndi Cyrus Curtis, mwini magazini akuluakulu yemwe sankalola malonda a mowa m'magazini ake. Curtis adamuuza kuti wawerenga uthenga wa Schlitz womwe wamupangitsa kufuna kuitanitsa botolo, ndipo adamulangiza kuti afunefune yemwe adaulemba.

Hopkins adalowa kampaniyo ali ndi zaka 41 pa malipiro a madola 1,000 pasabata. Pambuyo pake adayamba kulandira komishoni, ndipo ndi momwe adafikira pa madola 185,000 aja. Adadzakhalanso mkulu wa kampaniyo.

Ntchito yake yoyamba idali yotsatsa nyemba za m'chitini za Van Camp. Asadalembe kanthu adatumiza anthu khomo ndi khomo kukafunsa amayi. Adapeza kuti amayi 94 mwa 100 alionse ankaphika okha nyemba kunyumba. Izi zidamuonetsa kuti mdani weniweni sadali makampani ena a nyemba za m'chitini, koma mphika wa mayi. Choncho mauthenga ake adakamba za maola ambiri omwe mayi amataya pophika nyemba, ndiponso momwe za muuvuni ya kunyumba zimapserera pamwamba pomwe pansi zaphwanyika.

Chida chake chachikulu chidali kuponi. Pansi pa uthenga uliwonse wa m'nyuzipepala ankaikapo kabokosi koti owerenga adule n'kutumiza kapena kupita nako kusitolo. Kuponi iliyonse inkakhala ndi nambala kapena chizindikiro chakechake. Makuponi akabwera ankadziwa kuti achokera m'nyuzipepala iti, ya tsiku liti, ndiponso pansi pa mutu uti. Akagawa ndalama zomwe zalowa pa uthengawo ndi chiwerengero cha oyankha, ankadziwa mtengo wopezera kasitomala mmodzi.

Ndi njira imeneyi adapeza kuti kungosintha mutu wa uthenga, zina zonse zili chimodzimodzi, kumatha kuchulukitsa oyankha kasanu kapena kakhumi. N'chifukwa chake ankatha maola ambiri pa mutu umodzi, n'kutaya mitu yambirimbiri asadapeze womukhutiritsa.

Sankalolanso kuti kampani ithire ndalama zambiri pa ganizo losayesedwa, ngakhale ganizolo likhale lake. Eni kampani ya sopo ya B. J. Johnson ya ku Milwaukee adabwera kuti awatsatsire sopo wochapira. Pokambirana padatulukira kuti adalinso ndi sopo wina wosambira wosadziwika kwenikweni, wopangidwa ndi mafuta a kanjedza ndi a maolivi. Dzina lake lidali Palmolive.

M'malo molengeza dziko lonse, adayesa kaye m'tauni yaing'ono ya Benton Harbor ndi ndalama zochepa. Adauza amayi kuti apite ndi kuponi kusitolo iliyonse, ndipo kampani iwagulira sopo mmodzi pa mtengo wake wonse. Hopkins ankakhulupirira kuti chinthu chongotayidwa pakhomo kwaulere chimapeputsidwa, koma chomwe munthu wachipempha yekha ndipo wina wamulipirira chimalemekezeka. Zitayenda bwino m'tauniyo adapita kumizinda ina, mpaka Palmolive adakhala mmodzi mwa sopo ogulidwa kwambiri padziko lapansi. Kampaniyo idaphatikizana ndi ya Colgate mu 1928, ndipo dzina la sopoyo likadali m'masitolo mpaka lero.

Kuyesaku kunkapulumutsanso ndalama. Kampani ya Quaker Oats idakonza phala la oti lopsa m'mphindi ziwiri. Aliyense pakampanipo adaona kuti ndi ganizo labwino loti lingolowa pamsika nthawi yomweyo. Atayesa m'matauni ochepa adapeza kuti anthu sadalikonde chifukwa kakomedwe kake kadali kosiyana ndi phala lomwe adazolowera. Patapita nthawi padabwera lina lopsa msanga koma losasintha kakomedwe. Ulendo uno mabwana adakana poopa kugwanso. Hopkins adapempha kuti ayesenso pang'ono, ndipo anthu adalilandira. Kawiri konse maganizo a anthu a muofesi adali olakwa, ndipo kawiri konse ogula ndi omwe adapereka yankho.

Tsamba limodzi pakati pa buku

Ntchito yomwe idamulemeretsa kwambiri ndi ya mankhwala otsukira mano a Pepsodent. Mnzake wina adamupempha kuti awatsatse. Poyamba adakana, koma adavomera atalonjezedwa mwayi wogula masheya m'kampaniyo.

Monga mwa chizolowezi chake, adayamba ndi kuwerenga. Adasonkhanitsa mabuku a madokotala a mano, omwe mwini wake adavomera kuti adali otopetsa. Pakati pa buku lina adapeza ndime yokamba za zoterera zomwe zimamatirira pamano. Adamanga uthenga wake wonse pamenepo: adauza owerenga kuti ayendetse lilime pamano awo ndipo azimva okha zotererazo.

Uku kudali kupukuta supuni kuja mwanjira ina. Munthu ankadziyesa yekha ali pampando ndi nyuzipepala m'manja.

Makuponi adamuphunzitsanso china. Mauthenga oopseza anthu ndi mano owola sankabweretsa oyankha ambiri, pomwe olonjeza mano oyera ndi kumwetulira kokongola ankakoka anthu. Adatsatira zomwe manambala adamuuza. Pepsodent adafalikira m'maiko ambiri, ndipo Hopkins adalemba kuti adapindulapo madola 1 miliyoni. Kampaniyo idagulidwa ndi Lever Brothers mu 1944.

Komabe chilungamo n'chakuti zoterera zija zimachoka ndi kutsuka mano bwino ndi mswachi, ndipo sikuti Pepsodent yekha ndiye adali ndi mphamvu yozichotsa. Monga zidakhalira ndi mowa uja, Hopkins adatenga chinthu chopezeka kwa onse n'kuchinena poyamba m'dzina la kasitomala wake.

Zomwe adalipira

Anthu omwe adagwira naye ntchito ankati Hopkins adali munthu wamanyazi, wachibwibwi pang'ono potchula zilembo zina, ndiponso woumira pa ndalama moti ngakhale atalemera sankafuna kugula nsapato zodula. Ntchito yake yambiri ankaitayipa yekha pamakina, popanda kalaliki kapena sekilitale. Ankakonda kucheza ndi alimi ndi anthu aganyu kuposa anthu olemera, ponena kuti ogula ambiri ndi anthu wamba ndipo wolemba ayenera kudziwa mawu omwe iwo amalankhula. Mawu ataliatali ndi nthabwala sankazifuna m'mauthenga ake, chifukwa kwa iye uthenga wamalonda udali wogulitsa woimirira pakhomo la munthu, osati wochita zisudzo.

Koma maola omwe ankagwira adali oopsa. Ali ku Grand Rapids nthawi zambiri ankachoka muofesi 2 koloko usiku n'kubwereranso 8 koloko m'mawa. Lamulungu ankaliona ngati tsiku labwino kwambiri logwirira ntchito poti padalibe womusokoneza. Adavomera kuti sadasewerepo mpira, gofu kapena tenesi, ndipo sadaphunzire kuvina. Ankawerengera kuti poti adagwira maola owirikiza kawiri kuposa anzake, ndiye kuti adaphunziranso zowirikiza kawiri.

Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo, polemba mbiri yake ali ndi zaka 61, adati sakulangiza wina aliyense kutsata moyo umenewu, ngakhale mwana wake weniweni. Adaona kuti m'moyo muli zinthu zina zofunika kuposa kupambana pantchito, ndipo kugwira ntchito mwa muyeso mwina kumabweretsa chimwemwe chochuluka. Madzi akatayika saoleka. Zaka zomwe adathera pa desiki usiku sakadazibwezanso.

Choncho wofuna kutengera Hopkins ayenera kusankha bwino chotenga. Anthu ambiri a nthawi yake adagwira maola ochuluka ngati iye m'migodi ndi m'mafakitale koma adafa osauka. Chomwe chidamusiyanitsa ndi zomwe ankachita m'maolawo: kupita yekha kukaona katundu, kufunsa ogula asadaganize m'malo mwawo, kuonetsa m'malo mongolankhula, kuyesa ndi ndalama zochepa, ndi kulemba zotsatira zake. Zimenezi sizifuna kugona 2 koloko usiku. Zimafuna kabuku, cholembera ndi mtima wovomera kuti ganizo lako lalephera.

Dzina lomwe lidatsala

M'chaka cha 1923 Hopkins adatulutsa kabuku kakang'ono kotchedwa Scientific Advertising, momwe adaikamo mfundo zomwe adaphunzira pa ntchito yake. Adachoka ku Lord and Thomas chaka chotsatira, ndipo adapitiriza kugwira ntchito payekha, nthawi zambiri ali kunyumba kwake ku Spring Lake, dera lomwe adathyolako zipatso ali mnyamata wopanda kanthu. Adamwalira mu 1932 ali ndi zaka 66.

David Ogilvy, katswiri wa ku Britain yemwe adakhazikitsa kampani yake yotsatsa malonda ku New York mu 1948, ankati kabuku ka Hopkins kadasintha moyo wake, ndipo munthu asaloledwe kugwira ntchito yotsatsa malonda asadakawerenge kasanu ndi kawiri.

Masiku ano makampani otsatsa pa intaneti amaonetsa uthenga umodzi kwa gulu lina la anthu ndi uthenga wosiyana pang'ono kwa gulu lina, kenako kompyuta imawerenga kuti wakoka ambiri ndi uti. Zomwe Hopkins ankadikira masabata kuti makuponi abwere papositi, lero zimadziwika m'maola ochepa. Koma funso lake ndi lomwe lija la mnyamata wa polishi: mwa makomo 10 omwe ndagogoda, agula ndi angati, ndipo ndidachita chiyani pomwe adagulapo?

Funso limeneli angadzifunse bwana wa kampani yaikulu, angadzifunsenso mayi wogulitsa mandasi yemwe akufuna kudziwa ngati kulawitsa kachidutswa kumabweza ndalama yake. Pamwamba pake pali funso lina lomwe Hopkins adachedwa kudzifunsa m'masiku a Liquozone, loti kodi wogulayo wathandizikadi. Makuponi ake sankayankha limenelo.